Njinga ya m'mapiri: iyeseni musanalipire

Abale anga a mu Lusaka, chonde musagule njinga ya m'mapiri chifukwa chokopeka ndi utoto. Iyeseni kaye. Imani njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi: chitsulo chapamwamba chisakukhudzeni, patsale mpata wa zala zitatu kapena zinayi. Mukakhala pachishalo, pedulo ikafika pansi bondo lipindike pang'ono chabe. Likamapindika kwambiri, mawondo adzakuwawani.

Matayala a mainchesi 29 amadutsa bwino pamiyala ndi m'maenje, koma anthu aafupi ambiri amamasuka pa 27.5. M'misewu yafumbi ya ku Leopards Hill kapena ku Chongwe, njinga yokhala ndi shock kutsogolo kokha ndi yokwanira. Zotchipa za ma shock kutsogolo ndi kumbuyo zija ine sindingakulimbikitseni: zimalemera, ndipo yakumbuyo ikafa masipeya ake amavuta kupeza.