Magitala asiya kugwedera, vuto linali wow ndi flutter

Lero mix ya nyimbo ya reggae yomwe ndakhala ndikupanga yakhala. Vuto linali wow ndi flutter, kusakhazikika kwa liwiro la tepi: wow ndi kugwedera kwapang'onopang'ono, flutter ndi kugwedera kothamanga. Ndaimvera pa ma monitor, pa foni, ngakhale pa kawailesi ka mono, ndipo gitala wa rhythm sakumvekanso ngati wamira m'chidebe cha madzi.

Zomwe ndikusaka pa project imeneyi ndi izi: mawu onenepa, ofunda, a pa tepi ya reel, ngati a mabandi a m'ma 70. Ndiye Chow Tape Model, plugin (kapulogalamu kosinthira mawu pa kompyuta) yotsanzira makina a tepi, ndinaiika pa track iliyonse, ng'oma, bass, organ, magitala. Liwiro la tepi 15 ips, mainchesi 15 pa sekondi. Gain ndinaisamala, chilichonse chikulowa cha m'ma -18 dBFS, poti ma plugin ambiri otsanzira zida zakale pamenepo ndi pomwe amawerenga 0 VU, mlingo wa mawu womwe zidazo zimagwirira ntchito bwino. Ukamvera track payokhapayokha, kukoma kwake! Koma kungoziphatikiza, gitala yemwe ndinamujambula ndi ma mic awiri, SM57 pafupi ndi sipika ndi condenser chapatali, ankapepuka n'kumazungulirazungulira. Organ nayo inkamveka ngati siinachunidwe ndi zinzake, pomwe tuner ikuti zonse zili bwino.

Zandidyera masiku. EQ, osaphula kanthu. Kutembenuza polarity, kuzondotsa funde la mawu a mic imodzi, kumakoma pang'ono kenako n'kubwereranso. Ndinakweza oversampling poganiza kuti ndi aliasing, mawu abodza obwera ndi kuwerengera kwa kompyuta, laputopu n'kutentha, fani kulira, CPU kudzadza, vuto lili pompo. Ndinafika posintha nsambo za gitala n'kujambulanso.

Chandipulumutsa ndi correlation meter ya mu plugin ya Voxengo SPAN, yoonetsa ngati mawu a kumanzere ndi a kumanja akuyendera limodzi. Mic imodzi ndinaikankhira kumanzere, inayo kumanja, n'kumayang'ana. Meter siinkakhazikika, inkangoyendayenda pang'onopang'ono. Pamenepo ndi pomwe mutu unagwira: ma mic sanasunthe pojambula, ndiye kusiyana kwa nthawi pakati pawo kumayenera kukhala kumodzimodzi nyimbo yonse. China chake chinkawasuntha nditajambula kale.

Pa makina enieni ngati Studer A800 ya ma track 24, tepi ndi imodzi, ya mainchesi awiri, ndipo capstan, kachitsulo kozungulira koikoka, ndi imodzinso. Ikachedwa pang'ono, ma track onse amachedwera limodzi, ikafulumira amafulumirira limodzi. Khutu limamva kugwedera kokoma, koma palibe chida chimene chimasemphana ndi chinzake. Mu session yanga plugin iliyonse inkagwedera payokha, ngati chida chilichonse chili pa makina akeake. Ndipo flanging, kuzungulirazungulira kwa mawu ngati komwe kunali pa gitala uja, ya m'ma 60 ankaipanga chonchi kumene: makina awiri akuliza nyimbo imodzi, munthu n'kukanikiza m'mphepete mwa reel imodzi ndi chala.

Ndathimitsa wow ndi flutter pa ma track onse, ndangosiya saturation, kunenepa kwa mawu kuja. Kugwedera kwatsala pa plugin imodzi yokha ya pa master, pomwe ma track onse amakumana, nakonso kochepa. Bass yabwerera pakati, skank, kamenyedwe ka gitala wa rhythm mu reggae, yathwa. Hiss, kaphokoso ka "sss" ka tepi, ndachotseratu, anthu amaichulutsa, pomwe ma engineer akale ankalimbana nayo usana ndi usiku ndi Dolby A, chida chochepetsa phokosolo.

Ndimuyamikire Jatin Chowdhury, amene anapanga Chow Tape Model, popereka chida chotere chaulere. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, kugula plugin ya madola ndi nkhani ina, choncho ine ndimadalira zaulere. MJUC jr ya Klanghelm, compressor yosalaza kukwera ndi kutsika kwa mawu, siichoka pa mawu oyimba. TAL-Chorus-LX, yotsanzira chorus (yonenepetsa mawu ngati zida ndi zingapo) ya kiyibodi ya Juno-60, ndi imene inakometsa kiyibodi yotchipa pa nyimbo za kwaya ndinajambula chaka chatha, mpaka oyimba anafunsa ngati ndabwereka ina.

Tsopano mtima uli pa dub, reggae yosakanizidwanso, ya mawu oyimba ochepa ndi echo yambiri. Ndikufuna nyimbo iliyonse ya project ino ikhale ndi version yake, echo yake ngati ya Roland RE-201 Space Echo ya 1974, ya ma head atatu ndi spring reverb. Spring yeniyeni ndikuganiza zopanga ndekha, ndikapeza tanki ya mu amp yakufa. Komanso Portastudio, makina ojambulira ma track angapo pa kaseti, ikapezeka kwa ogulitsa zakale, ma stem onse, magulu a ma track, ndidzawadutsitsa momwemo. Amene ali nayo yogwira ntchito andiuze, ngakhale lamba wa mota yake atatha.