Ntchito ya mu ofesi ya khoti nayonso imakhudza chigamulo

Opanga malamulo m'maiko ambiri akamakambirana za kugwiritsa ntchito AI (mapulogalamu a kompyuta otsanzira nzeru za munthu) m'makhoti, amayamba ndi kugawa ntchito za bwalo la milandu pawiri. Mbali yoyamba ndi ya woweruza, yomwe ndi kusanthula umboni ndi kutanthauzira lamulo, ndipo apa pafupifupi onse amagwirizana kuti makina asalowe m'malo mwa munthu. Mbali yachiwiri ndi ya makalaliki: kusunga mafayilo, kupereka masiku a milandu, kumasulira zikalata ndi kusanja maapilo. Iyi amaiona ngati yopanda chiopsezo, yongofunika kuifulumizitsa basi. Ine kugawa kumeneku sikundifika pamtima.

Maganizowa akuonekera bwino m'lamulo la European Union loyang'anira AI, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2024. Lamuloli linaika mapulogalamu othandiza oweruza kufufuza ndi kutanthauzira umboni kapena lamulo m'gulu la zida zoopsa zofunika kuziyang'anira mwapadera, koma linasiya kunja ntchito zongothandizira mu ofesi, monga kubisa maina a anthu m'zigamulo ndi kutumizirana mauthenga pakati pa ogwira ntchito. Zitsanzo ziwirizi palibe angakangane nazo. Vuto ndi loti pali ntchito zambiri zomwe zili pakati, zooneka ngati za kalaliki koma zotha kusintha mathero a mlandu.

Ku Brazil, khoti lalikulu la Supremo Tribunal Federal linakonza pulogalamu yotchedwa Victor mu 2018 mogwirizana ndi yunivesite ya Brasília. Ntchito yake ndi kuwerenga maapilo ofika kukhotilo ndi kuonetsa ngati akugwa pansi pa mutu womwe khotilo linautchula kale kuti ndi wokhudza dziko lonse. Victor sagamula mlandu, ndipo ogwira ntchito amayenera kuunikanso zomwe wapeza. Komabe apilo ikaikidwa pansi pa mutu wina, imatha kubwezedwa kukhoti laling'ono kuti likatsatire zomwe zinagamulidwa kale, kotero kusanja kolakwika kungachititse kuti mfundo yatsopano ya wodandaula isamvedwe n'komwe. Tikudziwanso mmene munthu wotopa, amene mafayilo aunjikana patebulo pake, amavomerezera msanga chilichonse chomwe kompyuta yanena. Akuluakulu a ku Brazil anachiona chimenechi, chifukwa mu 2020 bungwe loyang'anira makhoti la Conselho Nacional de Justiça linatulutsa lamulo nambala 332, lomwe linkafuna kuti makhoti azilidziwitsa za mapulogalamu otere ndiponso kuti kagwiridwe kake ka ntchito kazitheka kukafufuza.

Nkhani ya ku Poland ikuonetsa kuti ngakhale chida chosavuta chimatha kudzutsa mkangano waukulu. Kuyambira mu 2018, milandu m'dzikolo inayamba kugawidwa kwa oweruza ndi kompyuta mwa maere, pa nthawi yomwe boma linali kudzudzulidwa kuti likulowerera makhoti. Bungwe la ePaństwo, lomwe si la boma, litapempha kuona ndondomeko yomwe kompyutayo imatsata, unduna wa zachilungamo unakana, mpaka khoti lalikulu loona za kayendetsedwe ka boma linagamula mu 2021 kuti anthu ali ndi ufulu woidziwa. Pulogalamuyo sinali AI yeniyeni, koma loya aliyense amadziwa kuti kusankha woweruza si nkhani ya m'kaundula chabe.

Kumasulira ndiye kumandidetsa nkhawa koposa. Mu 2019 khoti lalikulu la India linakhazikitsa SUVAS, pulogalamu yomasulira zigamulo kuchoka m'Chingerezi kupita m'zinenero za m'dzikolo, ndipo cholinga chake n'chabwino, pakuti munthu ayenera kuwerenga yekha chomwe chagamulidwa pa iye. Kuno kwathu zolemba za khoti zimakhala m'Chingerezi, pomwe woimbidwa mlandu amayankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao kudzera mwa womasulira. Womasulirayo akaphonya, majisitireti wodziwa chinenerocho kapena loya amatha kumuimitsa pomwepo n'kumufunsa kuti abwereze, ndipo aliyense m'bwalo amaona yemwe walakwitsa. Tsiku lomwe makina adzapatsidwe ntchitoyi pansi pa dzina loti ndi thandizo la mu ofesi, padzafunika lamulo lonena momveka bwino kuti ndani adzaunike zomasuliridwazo, ndani adzasainire, ndiponso kuti munthu yemwe ali pa rimandi ku Maula kapena ku Chichiri adzadandaule kwa ndani akaona kuti mawu olembedwa m'fayilo yake si omwe ananena.