Basi yopanda anthu siichepetsa utsi

Masamu a mpweya wotenthetsa dziko wochokera m'magalimoto si ovuta. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7 a kaboni dayokisaidi (mpweya wotenthetsa dzikowo), ya petulo 2.3. Mukadziwa malita amene apsa pa chaka, mwapha kale theka la ntchito. Malitawo muwatenge m'malisiti a mafuta, osati m'kabuku ka wopanga galimoto, chifukwa iye sanayese pamsewu wa maenje kapena pamzere woyenda pang'onopang'ono.

Vuto limayamba pogawa. Utsi umagawidwa kwa munthu aliyense pa kilomita iliyonse. Tiyerekeze basi yomwa malita 35 a dizilo pa makilomita 100: ndi magalamu pafupifupi 940 pa kilomita. Ikanyamula anthu 50, aliyense amatenga magalamu 19. Ikanyamula 8 okha, ndi magalamu 118, kuposa galimoto yaing'ono yomwa malita 8 a petulo pa makilomita 100 itanyamula anthu awiri, yomwe imapereka magalamu 92 kwa aliyense. N'chifukwa chake okwera amawerengedwa m'basi momwemo, masana ndi madzulo omwe, osangotenga chiwerengero cha mipando. Maulendo obwerera kugalaja opanda munthu nawonso amamwa mafuta.

Kenako mufunse okwerawo: kale munkayenda pa chiyani? Amene wasiya galimoto yake wachepetsadi utsi. Amene ankayenda pansi kapena panjinga sanachepetse kanthu, ngakhale basiyo yamuthandiza. Malipoti ambiri amalumpha funsoli, ndipo manambala awo amakoma mopitirira.

Kukulitsa msewu ndiye kumanyenga kwambiri. Zaka zoyamba magalimoto amayenda bwino, mafuta amapsa ochepa. Koma msewu ukapepuka anthu amayamba maulendo amene sankayenda, ndipo umadzazanso. Wowerengera asaiwale magalimoto owonjezerekawo.

Zomangira nazonso zili ndi utsi wake. Tani imodzi ya chitsulo chosungunulidwa ndi malasha imabwera ndi matani pafupifupi awiri a kaboni dayokisaidi, ndipo simenti imatulutsa wambiri pomwe mwala wa laimu ukuwotchedwa. Njanji kapena mlatho umayamba ndi ngongole imeneyi, yomwe imabwezedwa pokhapokha okwera achuluka kwa zaka zambiri.

Za mabasi amagetsi, funsani kumene magetsiwo akuchokera. A madzi kapena dzuwa amatsitsa utsi kwambiri. A malasha amatulutsa pafupifupi kilogalamu imodzi ya kaboni dayokisaidi pa yuniti iliyonse, ndipo imeneyo imawerengedwa ngati utsi wa basiyo.