Mvula inagwa m'nyumba, panja kuli nyenyezi

Vidiyo ija mwaiona, ndikudziwa. Mlamu wanga anaitumiza kwa mayi a kunyumba, iwo n'kuipatsira mchemwali wanga wa ku Chirimba, ndipo nkhani ikafika kwa ameneyo ndiye kuti yalengezedwa pa wailesi. Ena mwa inu mwakhala mukundiimbira pakati pa usiku kufunsa ngati buluku lija linafewa. Linafewa. Koma vidiyoyo ikuyambira pamene ine ndikutuluka pakhomo, siikuonetsa zimene zinachitika m'kati, choncho ndiloleni ndifotokoze ndekha musanaikometsere.

Choyamba, nyumba yowiritsira manyuchi ya apongozi anga ndinamanga bwino. Ngakhale apongozi sakutsutsa zimenezi. Makoma ndi owongoka, denga silidontha kuchokera kunja. Mawu akuti "kuchokera kunja" muwasunge.

Apongozi anga aamuna ali ndi kankhalango ka mitengo ya maple, imene madzi ake amawawiritsa n'kupanga manyuchi, ku Beauce, m'chigawo cha Quebec ku Canada, kumene munthu wopanda nyumba yowiritsira manyuchi amayenda chozolika. Yawo yakale inagwa ndi kulemera kwa sinowo, ndipo iwo anali atangochitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Tili pa tebulo ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Bambo, musadandaule, ndimanga ine. Ndinakulira ku Nchalo, za shuga ndinabadwa nazo." Mayi a kunyumba anandiponda phazi pansi pa tebulo, ine n'kumati ndi chikondi. Zoona zake n'zakuti ku Nchalo ndinkangotafuna nzimbe zogwa m'mathirakitala, koma mkamwini amafunika kuonetsako kalumo kakuthwa kamene anabwera nako.

Apongozi anajambula pulani kuseri kwa kalendala. Chilichonse chinali chomveka: makoma anayi, chitseko, zenera, malo a ng'anjo, chumuni. Pamwamba pa denga anajambulapo kanyumba kena kakang'ono, kokhala ndi kadenga kakekake ndi tizitseko m'mbali. Ndinakayang'ana kanthuko nthawi yaitali. Nyumba zonse zowiritsira manyuchi zimene ndinaonapo m'mbali mwa msewu zinali nako, ndipo ine ndinkati ndi kamwambo chabe ka azungu, kokongoletsera zithunzi za pa zitini. Tsono tandiuzani inuyo: munthu wagula malata atsopano, onyezimira, wawakhoma bwinobwino, kenako atenge chodulira n'kuboola chibowo pakati penipeni pa denga, m'dziko limene kumazizira mpaka madigiri 30 pansi pa ziro? Ine wa ku Chigwa cha Shire? Kanyumbako ndinakasiya, matabwa ake ndinapangira benchi. Benchiyo mpaka lero anthu amaiyamikira.

Sindinalekere pomwepo. Nyumba za anthu ena ndinkaziona zili ndi mipata pakati pa matabwa, mphepo ikungolowa mwaufulu, ndipo ndinkati ndi ulesi wa amisiri. Ndinagula zitini za thovu lotsekera ming'alu n'kutseka paliponse pamene pankalowa kuwala. Zenera ndinalikhomerera ndi misomali. Chitseko ndinapanga cha matabwa aawisi ochokera kwa aneba, chothina bwino moti ngakhale nyerere ikanayenera kugogoda. Imeneyo inali Okutobala. Sinowo itayamba, nkhalango inatsekeka, ndipo apongozi sanathe kupitako kukayendera ntchito ya mkamwini.

Madzi a maple amatuluka m'Malichi, pamene usiku kukuzizira kupitirira ziro koma masana kukufundirako. Umaboola kabowo pa thunthu, n'kulowetsamo kampopi, n'kupachikapo ndowa, madziwo n'kumadontha. Mtengo sauboola usanakule, ndipo kukula kwake kumatenga zaka pafupifupi 40, ndiye mitengo ina m'nkhalangomo apongozi amailankhula mwaulemu kuposa mmene amandilankhulira ine. Nditalawa madziwo koyamba ndinaganiza kuti akundiseka. Ndi madzi basi, shuga wake amangomveka patali, magawo awiri okha pa 100 alionse. Kuti asanduke manyuchi amayenera kufika magawo 66, ndiye kuti malita 40 a madzi amatulutsa lita imodzi. Masamu amenewa anandiuza kalekale, ndipo ndinawaloweza. Chimene palibe anandifunsa, ndipo ndikuti palibe, ndi chakuti malita 39 otsalawo amapita kuti.

Tsiku loyamba kuwiritsa tinafika kuli chisisira. Padenga panali sinowo yofika m'chiuno, ndiye apongozi anangoganiza kuti kanyumba kawo kakwiririka. Ndodo yawo anali ataiiwala m'galimoto ya achipatala ya tsiku lina, choncho ankayendera ambulera ya apongozi aakazi, yamaluwa ofiira. Analowa, anagogoda khoma, anagwedeza mutu moyamikira. Anandifunsa kanthu kena m'Chifalansa chawo chothamanga chija, akuloza m'mwamba, ine ndinayankha "oui", kutanthauza kuti inde, monga ndimayankhira chilichonse kuyambira tsiku la ukwati. Mlamu wanga anapita ndi thirakitala kukatenga madzi otsala. Tinatseka chitseko, tinakoleza moto.

Chiwaya chowiritsira n'chachitali ngati bedi, chogawidwa zipindazipinda: madzi aawisi amalowera kumbuyo, n'kumayenda akulimba mpaka kachipinda kakutsogolo kumene manyuchi amapsera. Moto wake si wothukusira mbatata, umafunika nkhuni zouma mphindi zochepa zilizonse. Cha apongozi chikakwiya chimauluza malita pafupifupi 100 pa ola. Theka la dramu, abale anga, kulowa mumpweya wa kachipinda kamene ine ndinakatseka ndi manja angawa.

Poyamba kunali kokoma. Ndinavula jekete, koyamba chifikireni Novembala, n'kumamva thukuta la kwathu. Mumtima ndinati azunguwa akhala akuvutika zaka mazana ambiri podikira munthu wa ku Nchalo. Kenako magalasi anga anachita mbuu. Ndinawapukuta, anachitanso mbuu. Ndinawavula, n'kupeza kuti vuto si magalasi. Babu la padenga linasanduka kadontho kachikasu, kenako linasowa. Apongozi, amene anali pafupi moti ndikanatha kuwagwira phewa, anatsala mawu okha.

"Mkamwini, koka chingwe."

"Chingwe chiti, Bambo?"

"Chotsekulira tizitseko ta pamwamba."

Ndinakhala chete. Moto unkangolira. Ndinaganiza zoyamba kufufuza chingwecho m'makoma kuti nthawi ipiteko, ndipo ndinafufuzadi pang'ono.

Dontho loyamba linandigwera pakhosi, kumbuyo, lozizira. Tho. Lachiwiri pa benchi ija. Tho. Kenako tho tho tho paliponse, pa nkhuni, pa chipewa, m'kapu ya khofi, m'khutu. Nthunzi inkakwera n'kukagunda malata amene pamwamba pake panali sinowo, n'kusanduka madzi, n'kubwerera. Amene munaonapo amayi akutcheza kachasu mwamva kale: moto pansi, chitsulo chozizira pamwamba, madontho kumapeto. Ndinali nditamanga chotchezera chachikulu kuposa chilichonse m'chigawo cha Quebec, chotcheza madzi enieni, ife awiri tili m'kati mwa botolo. Ndipo madonthowo ambiri ankagwera m'chiwaya momwemo. Madzi omwe tawawiritsa ankapita kudenga, n'kupumako pang'ono, n'kubwera kuti tiwawiritsenso. Ndikukhulupirira kuti pali dontho lina limene tinaliphika kasanu, ndinayamba kulizindikira kaliridwe kake.

Ndiye ndinamva kuti fwaa. Ndinayatsa tochi ya foni n'kuyandikira. Apongozi anali atatambasula ambulera yamaluwa ija. Osati pamutu pawo, ayi. Anaitambasula pamwamba pa kachipinda ka manyuchi, dzanja lili tambalale, iwo ataima pa mvula. Bambo wa zaka zopitirira 70, chiuno chachitsulo, madzi akutsika pa chipewa, kudutsa pa nsidze, kusonkhana pa ndevu za pamlomo, n'kumagwa limodzilimodzi pa nsapato. Sanandiyang'ane. Maso awo anali pa choyezera kutentha chimene chinkayenera kufika madigiri 104 kuti titunge manyuchi, ndipo chinali chitakana. Tinaima choncho, iwo ndi ambulera, ine ndi tochi, ngati kuti ndi mmene ntchitoyi imagwiridwira chaka chilichonse. Ndinaganiza zonena kuti koma m'nyumba muno mukufunda bwino. Ndinatsegula pakamwa, dontho linagweramo, ndinatseka. Patapita nthawi anasintha dzanja, chifukwa loyamba linatopa, ndipo ine mwaulemu ndinati, "Bambo, ndigwireko?" Anati ayi. Mmene ananenera ayi ameneyo ndinamva kuti ngakhale ambulera sangandikhulupirire nayo.

Muzifunsa kuti bwanji osangotsegula chitseko. Ndinayesa. Matabwa aawisi aja anali atamwa nthunzi n'kufufuma, chitseko chili gwa. Bwanji osazimitsa moto? Ng'anjo yodzaza makala a mitengo yolimba siizima ndi mawu, ndipo chiwaya chikangouma pansi chimapserera n'kupindika, mtengo wake ndi wa galimoto yakale. Choncho tinkathirabe madzi m'chiwaya kuti chisapse, madziwo n'kumatibwerera pamutu.

Kenako thovu linayamba kukwera. Manyuchi akamawira amachita thovu lofuna kusefukira, ndipo mankhwala ake ndi kadontho ka mafuta. Akale ankapachika kanyama ka nkhumba konona pamwamba pa chiwaya kuti thovu likakakhudza libwerere. Apongozi anakuwa kuti ndiponyemo batala. Sananene kuchuluka kwake. Izi ndikufuna zilembedwe. Ndinapapasa pa shelefu, ndinapeza mbale, ndinaipendeka, ndipo chibuma chonse chinalowa kuti chubwi. Thovu linatsikadi, nthawi yomweyo.

Apa ndi pamene apongozi anayamba kutchula ziwiya za pa guwa la tchalitchi cha Katolika, chimodzichimodzi, mokweza: chikho, mkate wopatulika, tabenakulo, ubatizo. Ine pomva zimenezi mu mdima, m'nthunzi, chitseko chitakana, ndinati bamboyu waona kuti tikufa. Ndinavula chipewa. Atamaliza ndinayankha kuti "Amen." Mayi a kunyumba anadzandifotokozera pambuyo pake kuti anthu a ku Quebec akapsa mtima amatukwanira zinthu za m'tchalitchi, ndipo kuti bambo awo anali asanatukwanepo chotero chimwalirireni galu wawo.

Mlamu pobwera anapeza nyumba ili chete, nthunzi ikutuluka pa kabowo ka kiyi kokha, kamzere kowongoka. M'malo mothyola chitseko anathamangira kwa aneba, ndipo anebawo anabwera ndi sowo ya injini. Anakwera makwerero n'kudula chibowo pakhoma, pansi penipeni pa nsonga ya denga, pamene ndinathera thovu lambiri. Akuti nthunzi inatuluka ngati sitima, mpaka nyenyezi zinabisika. Kenako anamenya chitseko ndi phewa awiriwiri. Apa ndiye poyambira vidiyo yanu ija.

Ndinatuluka ine poyamba, osati chifukwa cha mantha koma kuti ndiwaonere njira apongozi. Sinowo ya padenga inali itasungunuka kunsi chifukwa cha kutentha kwa malata, ikungodikira chifukwa. Kumenyedwa kwa chitseko kunali chifukwa chokwanira. Phokoso limene mukulimva mu vidiyomo, lotsatiridwa ndi mawu a Chisena amene sindidzawamasulira, ndi denga lonse kutsikira pa ine. Anandifukula. Kuchokera pamenepo kukafika kunyumba ndi mtunda woyenda pansi, kunja kukuzizira pansi pa ziro, ine nditanyowa mpaka kabudula wam'kati. Buluku linauma gwa tisanafike theka la njira. Mawondo anasiya kupindika. Kayendedwe kamene mukukaseka kaja si matenda, ndi nsalu. Apongozi ankabwera pambuyo, pang'onopang'ono, atatsamira ambulera.

Mayi a kunyumba anandithira madzi ofunda m'miyendo osanena kanthu, kenako anati, "Bambo a mwana, safunsa anadya phula." Mwambi umenewu ndinawaphunzitsa ndine, tili pa chibwenzi, ndipo sindinkadziwa kuti akuusungira tsiku.

Manyuchi tinapeza ndithu, mawa lake. Kuno amawagawa m'mitundu inayi potengera maonekedwe, kuyambira agolide a kumayambiriro kwa nyengo mpaka akuda kwambiri a kumapeto. Athu, a tsiku loyamba lenileni, anadumpha mitundu yonse n'kukafika kumene kulibe dzina, pamwamba pakuyandama timaso ta batala. Apongozi aakazi, mayi wachifundo, analawa n'kunena kuti akhala bwino mu nyemba. Musadabwe, anthu akuno amathira manyuchi mu nyemba, pa nyama ya nkhumba, ngakhale pa mazira, ndipo palibe amawajambula vidiyo.

Komanso tiyeni tiyeze zinthu mwachilungamo. Quebec imatulutsa malita pafupifupi 7 mwa 10 alionse a manyuchi a maple padziko lapansi, ndipo ili ndi nkhokwe yosungira migolo ya manyuchi kuchitira zaka zoipa. Pakati pa 2011 ndi 2012 anthu anaba m'nkhokwe ina matani pafupifupi 3,000, a ndalama zoposa madola a ku Canada 18 miliyoni, migolo ina n'kuidzaza madzi kuti alonda asazindikire. Amenewo ndiwo anawononga manyuchi a dziko lino. Ine ndinangodetsa malita khumi, ndipo madzi amene ndinathiramo anali ochokera mumtengo womwewo. Nditanena zimenezi pa tebulo, apongozi anati akubawo mwina ankadziwa ntchito ya kanyumba ka padenga.

Kanyumbako kalipo tsopano. Anamanga mlamu, ine ndinagwira makwerero, ndipo kunena zoona n'kopendekeka pang'ono, koma palibe akunenapo kanthu. Thovu lija ndinauzidwa kuti ndilikolope m'ming'alu yonse ndi mpeni, ndipo ndatsala ndi khoma limodzi. Nyengo ikubwerayi andipatsa udindo wotsuka ndowa. Amene mukufuna botolo la akuda aja nenani, alipo ambiri, nyemba sizikuwatha. Zotumizira mulipira nokha.