Laputopu yojambulira mapulani a nyumba: musakopeke ndi chomata cha i7

Wophunzira za architecture ku MUBAS akabwera kutchuthi kuno ku Kasungu, kapena mnyamata amene wayamba kujambulira anthu mapulani pa boma, funso lawo limakhala limodzi: ndigule laputopu iti? Ogulitsa ku Lilongwe yankho amakhala nalo kale: "Iyi ndi i7, bwana." Koma dzina loti i7, la mtundu wa purosesa (ubongo wa laputopu), palokha silinena kanthu. Yambani mwadziwa mapulogalamu amene muzigwiritsa ntchito, makina abwere pambuyo.

Revit, pulogalamu yojambulira nyumba ya kampani ya Autodesk, imagwira pa Windows pokha, Lumion chimodzimodzi. ArchiCAD, SketchUp, Rhino ndi AutoCAD zili ndi mtundu wa Mac, komabe ngati maphunziro anu ali ndi Revit, MacBook iiwaleni, ngakhale ikongole bwanji. Windows yakenso ikhale 11, chifukwa Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Apa laputopu zambiri zotchipa zimene amati ex-UK zagwa kale.

Purosesa muiwerenge dzina lonse. Manambala oyambirira ndi m'badwo, chilembo chakumapeto chimanena ntchito imene idapangidwira. U ndi ya mu ofesi, yosunga batire, ya mawati 15. H kapena HX ndi ya ntchito yolemera, mawati 45 kapena kuposa. N'chifukwa chake i5-12500H imaisiya kutali i7-8550U, ngakhale yachiwiriyi ili ndi chomata chopatsa ulemu. Ntchito zambiri za Revit ndi AutoCAD, monga kusuntha khoma kapena kutsegula view, zimadalira core imodzi, ndiye kuti chigawo chimodzi mwa zigawo zogwira ntchito za purosesa. Choncho liwiro la core imodziyo ndi lofunika kuposa kuchuluka kwa ma core. Ma core ambiri amathandiza pa rendering, kusandutsa pulani kukhala chithunzi chooneka ngati nyumba yeniyeni.

RAM, memory imene mapulogalamu amagwiritsa ntchito akakhala otsegula, ndi pamene ophunzira ambiri amapwetekera. Revit imadya RAM yochuluka pafupifupi ka 20 kukula kwa fayilo yake. Fayilo ya 300 MB itenga cha m'ma 6 GB, musanawerengere Windows, AutoCAD yotsegula pambali ndi Chrome. Ndi 8 GB mujambula nyumba ya zipinda zitatu bwinobwino, koma pulojekiti ya hositelo ya nsanjika ikafika, makina ayamba kuchedwa kuyankha pa kilichonse mwadina. Poyambira ndi 16 GB. Chofunika kwambiri n'choti pakhale malo owonjezera kufika 32 GB. Laputopu zopyapyala zambiri RAM yake ndi yowotcherera pa bolodi, sichoka. Funsani ngati ili ndi ma slot awiri a SODIMM oikamo RAM, ndipo wogulitsa akazengereza, fufuzani nambala ya modeloyo pa intaneti muli pomwepo.

Graphics card (GPU), chipangizo chokonza zithunzi, imafunika kwambiri pa Lumion, Enscape, Twinmotion ndi D5 Render, zimene zimapanga zithunzi zija kasitomala amaziona n'kuvomera pulani. Intel UHD ndi Nvidia MX sizikwanitsa ntchitoyi. RTX 3050 ya 4 GB imayesako, koma mukadzaza mitengo, udzu ndi magalasi, memory yake imatha pulogalamu n'kutsekeka yokha. RTX 4050 ili ndi 6 GB, RTX 4060 ili ndi 8 GB, ndipo kwa ine 4060 ndi pamene ndalama imagwira ntchito yake. Chenjezo ndi lakuti RTX 4060 yomweyo ena amaipatsa mawati 45, ena oposa 100, ndipo kusiyana kwake kumaonekeratu. Pa mapepala a laputopu nambalayi amailemba TGP.

Zina n'zachidule. SSD yosungiramo mafayilo ikhale ya NVMe, 512 GB pang'ono pake, 1 TB ngati thumba lilola, poti Revit yokha imafuna malo okwana 30 GB. Sikirini ya mainchesi 15.6 kapena 16, ya 1920x1080, yolembedwa 100% sRGB. Yolembedwa 45% NTSC imasokoneza mitundu: penti amene mwasankha pa sikirini amatuluka wina papepala. Gulaninso mausi ya gudumu pakati, chifukwa pa touchpad simuzunguza modelo.

Tsono nkhani ya magetsi, imene malangizo olembedwa kunja saitchula. Laputopu ya RTX nthawi zambiri imabwera ndi chaja cha mawati 170 mpaka 230. Mukachizula, graphics card imadzichepetsa mphamvu, rendering imayenda mwa kamba, ndipo batire silifika maola awiri. Magetsi a ESCOM akathima, kujambula mapulani a 2D kupitirira, koma rendering idikire. Amene muli ndi sola kumudzi, kaya ku Chamama kapena ku Santhe, werengani motere: batire la 12V 100Ah lili ndi 1,200Wh, koma la asidi mumayenera kugwiritsa theka lokha kuti lisafe msanga. Zatsala 600Wh, inveta idyapo zake, ndiye laputopu yokoka mawati 150 ikupatsani maola atatu ndi pang'ono. Inveta ikhale ya pure sine wave. Zotchipa za modified sine zimatenthetsa chaja. Pa soketi ikaniponso fridge guard kapena surge protector, poti chaja chimapsa kwambiri nthawi imene magetsi akubwerera.

Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala limatseka mafani. Purosesa ikayandikira madigiri 95 mpaka 100 imadzitsitsa liwiro yokha, mwini wake n'kumaganiza kuti ndi vairasi. Musaike laputopu pa bedi kapena pa bulangeti, kwezani kumbuyo kwake kuti mpweya uzilowa pansi, ndipo mafani apukutidwe miyezi isanu ndi umodzi iliyonse.

Ndalama zikachepa, Dell Precision, HP ZBook kapena Lenovo ThinkPad P yogwirapo kale ntchito ndi yolimba kuposa laputopu yatsopano ya mu ofesi ya mtengo womwewo. Musanalipire, tsegulani Task Manager muone dzina lonse la purosesa, RAM ndi GPU. Lembani powercfg /batteryreport mu Command Prompt, muyerekeze full charge capacity ndi design capacity. Onani ngati BIOS (masetingi oyambira a makina, Windows isanatseguke) ilibe pasiwedi ya kampani yakale, ndipo chaja chikhale chake chenicheni. Cha mawati 65 pa makina ofuna 180 chimayatsa, koma liwiro silibwera. Masiku obweza katundu akavuta alembedwe pa lisiti.

Mapulogalamu obedwa asiyeni: Autodesk imapereka laisensi yaulere ya chaka chimodzi kwa ophunzira, yowonjezereka mukadali pasukulu. Dawunilodini pa Wi-Fi ya kusukulu musanabwere kumudzi, chifukwa bandulo ya foni ithera panjira. Ndipo gwirizanani chaka cha Revit ndi anzanu a pagulu komanso aphunzitsi. Fayilo yosungidwa mu Revit 2025 sitseguka mu 2024, ndipo mulibe batani loibwezera m'mbuyo.