Bambo atuluka m'chipatala, zikomo nonse, makamaka inu alamu

Abale ndi anansi, bambo ali pakhomo kuno ku Mayani. Paipi yotulutsira mkodzo ija awachotsa, akutaya madzi okha osabuula. Thupi langa lonse likuphwanya ndi kutopa, koma sindingagone ndisanathokoze.

Nkhani mukuidziwa. Mkodzo unangotseka usiku, chinena chitatupa gwa, munthu wamkulu akugubuduzika pansi thukuta lili kamukamu, chonsecho kunja kuli chisanu cha Julayi chathu chino cha ku Dedza. Pambuyo pake ndi pamene mayi anaulula kuti vutoli linayamba kalekale: kudzuka pafupipafupi usiku, kuima nthawi yaitali kuseri, mkodzo wongodontha. Ankabisa. Achikulire athuwa kaya manyazi amawatengera kuti.

Alamu, amuna a mng'ono wanga, ndiyambira pati? Ine mwana wamkazi, malo odwalawo sindikanatha ngakhale kuyang'anako. Mayi manja ali njenjenje. Inu ndi amene munathamanga mumdima kukagogoda kwa mwini galimoto, inu ndi amene munawanyamula. Ku chipatala cha boma ku Dedza atawaika paipi, thumba linadzaza nthawi yomweyo, bambo n'kupuma mozama, n'kugona tulo. Anamwino a usiku umenewo, Mulungu akusungireni ana anu.

Dokotala anatikhazika pansi. Anati ndi prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo ndipo kamazungulira njira ya mkodzo. Munthu akapyola zaka 50 kamayamba kukula mwa ambiri, n'kumafinya njirayo mpaka kuitseka. Anatinso mkodzo ukakhalitsa m'kati umabwerera m'mbuyo n'kuwononga impso. Ndalemba dala zimenezi kuti amve aja ankanong'onezana kuchigayo kuti mkuluyu watenga chinzonono, ena ati anamutchera pa mkazi wa mwini. Likodzo anayeza, palibe. Matenda opatsirana pogonana, palibe. Zimene anatumiza kukayeza atawapanga opaleshoni zabwera, si khansa. Pakamwa panali changu, koma m'wodi sitinakuonenimo, ngakhale ka "muli bwanji" pa foni.

Ndibwererenso kwa alamu. Atatitumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, gadiyani munali inu. Munasiya dimba la kachewere pa nthawi yothirira, kukagona pa simenti pambali pa bedi la apongozi anu. Munaphunzira kwa anamwino kuti thumba la mkodzo lizikhala m'munsi mwa chiuno koma lisagunde pansi, paipi isapindike, kusamba m'manja musanakhuthule ndiponso mukakhuthula. Bambo ankakana kumwa madzi poopa ululu, inu mumawanyengerera kapu ndi kapu. Tsiku limene mkodzo unada n'kuyamba kununkha, thupi litatentha, munazindikira ndinu, kukaitana namwino, mankhwala opha tizilombo n'kuyambika msanga. Ndipo zonse munaona m'menemo simunaziyendetse m'mudzi. Pamudzi pano alipo ankakutchulani "mkamwini uja" ngati mulibe dzina. Dzulo bambo akuti, "Kodi mwana wanga uja wadya?" Ine kuganiza kuti akunena achimwene a ku Johannesburg. Ankanena inu.

Amayi a Chigwirizano, zikomo chifukwa cha ufa, nkhuni ndi mapemphero a m'mawa uliwonse. Anzanga a banki mkhonde, munandibwereka osandifunsa zambiri, ndibweza ndikagulitsa soya. Nonse munatumiza kangachepe pa Airtel Money ndi Mpamba, ena sindikukudziwani n'komwe, ndalama zanu ndi zimene zinatiyendetsa pa M1 kupita ndi kubwera. Mwini galimoto munangolandira ya mafuta okha. Madokotala a opaleshoni, Ambuye awonjezere nzeru pamene pali nzeru kale.

Atate wakumwamba, munamva kulira kwa mayi anga. Dalitsani mlamu wangayu, dimba lake libereke moposa chaka chilichonse. Ameni.

Obwera kudzawaona bwerani, khomo ndi lotsegula, koma mabotolo a mankhwala azitsamba ndi kamowa musiye kwanu. Achipatala aletsa kunyamula zolemera, khasu ndi kupalasa njinga kwa masabata angapo, ndiye musawakope ndi nkhani za kumunda. Amene mukufunsa kuti tithandize chiyani, kudimba kwa alamu kwauma. Loweruka m'mawa tikathirire, mubwere ndi makeni anu.