Makonde a ku Mangochi boma

Mlendo aliyense wofika pa Mangochi boma amayamba wajambula nsanja ya wotchi ija ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Sindikumutsutsa. Nsanjayo ndi ya njerwa zofiira, anaimanga pokumbukira Mfumukazi Victoria yemwe anamwalira mu 1901, ndipo pomwepo pali chikwangwani cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Chapafupi pali mfuti ya mu sitima ya Gwendolen, imene inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, mu August 1914. Tili ana tinkangoikwera ngati bulu, osadziwa zonsezo.

Koma ine ndikatsika minibasi, maso anga amathamangira ku masitolo akale a amwenye.

Agogo anga aamuna anali telala. Ofesi yawo inali khonde la sitolo imodzi mwa amenewa: makina a Singer, mpando wopanda chotsamira, ndi chingwe chopachikapo zosoka zomwe eni ake sanadzatenge. Munthu ankagula nsalu mkati, n'kutuluka masitepe awiri okha, agogo n'kumuyeza pomwepo. Khondelo silinali lokongoletsa ayi. Anamanga dala lotakata, mizati yake yonenepa, denga la malata lotsetsereka mpaka kuphimba dzuwa la masana. Amene anakhalako ku Mangochi mu October akudziwa chimene ndikunena. Panja thukuta kamukamu, koma ukalowa m'sitolo umamva kuzizirira, chifukwa zipupa n'zochindikala, denga lili m'mwamba, ndipo pamwamba pa zitseko anasiya timipata totulutsa mpweya wotentha. Zitseko zake za matabwa, ziwiriziwiri, zotseka ndi chitsulo chopingasa. Banja la mwini sitolo linkagona kuseri, nyumba yomweyo.

Tauniyi inayamba ngati Fort Johnston m'zaka za m'ma 1890, dzina la Harry Johnston, nthawi yomwe atsamunda ankalimbana ndi malonda a ukapolo odutsa pa Shire. Ankati ndi doko, choncho amalonda anatsatira masitima. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula amwenye kuti azichitira malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Masitolo ambiri a m'matauni ang'onoang'ono anasintha manja. Agogo ankati bwana watsopano anawasiya pakhonde pomwepo, lendi yokha ndiyo inakwera.

Mwezi wathawu ndinapita kukaliona khonde lija. Lilipo, ngakhale mzati umodzi wang'ambika ndipo khoma lonse analipaka utoto wa kampani ya mafoni. Pomwe panali makina a agogo pakhala mtsikana wotumiza ndalama pa foni. A kabaza atatu anakhala pa sitepe, njinga atazitsamiritsa ku mizati, akudikira dzuwa lipepuke.

Moyandikana nalo wina wagwetsa sitolo yakale n'kumanga yosanja, ya magalasi akuda kutsogolo konse, yopanda khonde ngakhale la nkhuku. Ndinalowamo kukagula batire. Mafani awiri akuzungulira, wogulitsa akudzipepesa ndi katoni. Nditamufunsa kuti magetsi akazima amatani, anangoseka n'kuloza kutsidya kwa msewu.

"Timakakhala uko, achimwene, pakhonde la eni ake."